Kulowa koyamba mu sitolo ya chamba ku Ontario: zimayenda bwanji?

Chingale_Brampton
Abale anga a pagulu lino, ndithandizeni. Masitolo a chamba ali paliponse mu Ontario muno ndipo ndikufuna kukayesa china chothandiza tulo. Kodi munthu akalowa amafunsidwa chiyani? Amalemba maina? Pa study permit si mlandu? Ndipo mumagula chiti ngati simunasutepo chibadwire?

Namadzi_ON
Achimwene, kulowa kwake n'kosavuta. Chamba chinaloledwa mu Canada monse pa 17 October 2018, ndipo aliyense wamsinkhu atha kugula, kaya ndi nzika, wa PR (wokhala ndi chilolezo chokhazikika mu Canada), wophunzira kapena mlendo. Ku Ontario msinkhu wake ndi zaka 19. Tengani chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi chanu ndi tsiku lobadwa: pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto kapena Ontario Photo Card. Study permit payokha siikwanira chifukwa ilibe chithunzi. Chiphasocho chikhale chenicheni, osati chithunzi chake cha pafoni, ndipo chisakhale chotha ntchito.

Ena amafunsa chiphaso pakhomo pomwe, ena pakauntala. Lamulo limawakakamiza kufunsa aliyense wooneka ngati sanafike zaka 25, koma masitolo ena amangofunsa aliyense. Wosakwana zaka 19 salowa n'komwe, ngakhale khanda la kumsana, choncho musapite ndi ana poganiza kuti mungolowa kamphindi.

Mkati musayembekezere milu ya chamba pathebulo. Muli makabati agalasi, menyu pa sikirini kapena pa tabuleti, ndipo katundu weniweni amakhala kuchipinda chakumbuyo. Masitolo ena ali ndi timabotolo totseka tokhala ndi tizibowo tonunkhizira, tomangirira ndi waya. Mumanunkhiza koma simugwira, ndipo kulawa kulibe. Mukasankha, wogulitsa amene amamutcha budtender amakatenga paketi yomata, mumalipira ndi khadi kapena kashi, kuphatikiza msonkho wa HST wa 13%, basi mwatuluka.

AnkoloWaTruck
Mawu oyamba kunena pakauntala ndi akuti "sindinagwiritsepo ntchito". Musachite manyazi. Mukadzionetsa ngati katswiri akupatsani cha akatswiri.

Lizulu_MTL
Ndiwonjezere kwa amene sali ku Ontario, chifukwa pagulu lino tili m'zigawo zosiyana. Ku Alberta msinkhu ndi 18. Kuno ku Quebec ndi 21 kuyambira pa 1 January 2020, ndipo masitolo onse ndi a kampani ya boma yotchedwa SQDC. Maswiti ndi chokoleti za chamba sazigulitsa kuno chifukwa boma la chigawo linaletsa zokopa ana. Ku Ontario masitolo ndi a anthu wamba, laisensi amawapatsa a AGCO, bungwe la boma loyang'anira masitolowa, katundu amaoda ku OCS, kampani ya boma yogulitsa chamba chopikulitsa. Ndiye malangizo a mnzanu wa ku Calgary musawatenge onse ngati mmene alili.

Chingale_Brampton
Zikomo. Nanga za kulemba maina zija? Ndi zimene zikundidetsa nkhawa kwambiri.

Namadzi_ON
Palibe kaundula wa boma wolemba anthu ogula. Chiphaso amangochiona kuti atsimikize zaka. Chimene chimasunga dzina lanu ndi khadi yakubanki komanso timapulogalamu ta mapointi timene amakupemphani kuti mulowe. Muli ndi ufulu wokana. Ofesi ya Privacy Commissioner ya Canada inalangizapo anthu mu 2018 kuti amene akuda nkhawa ndi zinsinsi zawo alipire kashi. Ngati akufuna kusikana chiphaso chanu, funsani kaye ngati makinawo amasunga zimene awerenga. Makamera alimo, zimenezo ndi zalamulo.

NesiWaUsiku
Ine ndikhazikike pa funso lomaliza lija, loti mugule chiti, chifukwa amene amathera ku emergency ambiri salakwitsa pakhomo, amalakwitsa pa nambala.

Paketi iliyonse yovomerezeka imalemba THC ndi CBD. THC ndi imene imaledzeretsa, CBD siiledzeretsa. Pa chamba chouma mutha kupeza manambala awiri, "THC" ndi "Total THC". Yoyambayo imakhala yaing'ono ndipo imapusitsa anthu. Mu duwa louma mankhwala ambiri amakhala asanasanduke THC, amasanduka akatenthedwa. Ndiye yoti muwerenge ndi Total THC. Imalembedwa mu mg/g, kutanthauza mamiligalamu pa galamu imodzi, ndipo kuti mupeze peresenti gawani ndi 10: 220 mg/g ndi 22%. Zambiri za pa menyu masiku ano zili pamwamba pa 20%, zimene ndi zaukali kwa woyamba. Health Canada imalangiza woyamba kusuta kuti asankhe cha 100 mg/g kutsika pansi, chokhala ndi CBD yofanana ndi THC kapena yoposa, akoke kamodzi kapena kawiri n'kudikira. Utsi umagwira m'masekondi kapena mphindi zochepa, umafika pachimake pakatha ngati theka la ola, ndipo mphamvu yake itha kumveka mpaka maola 6.

Zodya ndiye nkhani ina. Maswiti, chokoleti, zakumwa, mafuta ndi makapisozi zimadutsa m'mimba n'kupita kuchiwindi, ndipo chiwindi chimasandutsa THC kukhala 11-hydroxy-THC, yomwe imagwira mwamphamvu komanso kwa nthawi yaitali. Zimayamba kumveka pakati pa mphindi 30 ndi maola 2, mphamvu yonse itha kufika pa maola 4, n'kukhala mpaka maola 12, ndipo ena amadzuka mawa mutu udakali wolemera. Woyamba ayambe ndi 2.5 mg kapena kucheperapo.

Chimene chimachitika kawirikawiri ndi ichi: munthu wadya switi imodzi, padutsa mphindi 40, akuti palibe chikuchitika, wadya yachiwiri, mwina yachitatu. Zonse zimadzagwira pamodzi. Mtima umathamanga, pakamwa pamauma, chizungulire, nseru, mantha oti akufa. Tsiku loyamba musaonjezere ngakhale mutaona ngati mwataya ndalama. Ngati sizinagwire, dzayeseninso tsiku lina.

Mbalachanda
Komatu malire a lamulo a 10 mg pa paketi ya zodya ndi nthabwala iyi. Mpaka kudula switi panayi? Mukuwaopseza achimwenewa.

NesiWaUsiku
Kwa munthu wosuta tsiku lililonse 10 mg ndi yochepadi, thupi lake linazolowera. Kwa amene sanalawepo, 10 mg ndi kanayi ka muyezo woyambira. Lamulo linaika 10 mg pa kapaketi kamodzi ka zodya poganizira anthu ngati amenewa komanso ana otola. Ndipo onetsetsani mmene 10 mg yo yagawidwira. Mapaketi ena muli switi imodzi ya 10 mg, ena ziwiri za 5 mg, ena zinayi za 2.5 mg, ena zisanu za 2 mg. Woyamba agule zogawidwa kale. Kudula switi yomata ndi mpeni sikupereka zidutswa zofanana.

Mafuta ali ndi ubwino wake chifukwa amabwera ndi kasirinji kokhala ndi mizere. Werengani mg pa mL imodzi. Ngati botolo likuti 10 mg/mL, ndiye 0.25 mL ndi 2.5 mg. Ngati likuti 25 mg/mL, muyezo womwewo ndi 0.1 mL yokha. Anthu amasintha botolo n'kupitiriza kukoka mpaka pamzere womwe anazolowera, n'kumwa mowirikiza osadziwa.

Mbalachanda
Chabwino, pamenepo ndamva. Koma ndudu yopichira kale ya 0.5 g pa 220 mg/g muli 110 mg. Bwanji anthu amaisuta osagwa?

Kasupe_Lab
Chifukwa manambala awiriwo sayerekezedwa. Mu ndudu, gawo lina la THC limapsa, lina limapita ndi utsi wa kunsonga, lina mumalitulutsa popuma, lina limatsala pa chitsa. Cholowa m'magazi ndi kagawo chabe. Komanso wosuta amamva msanga n'kusiya. Wodya sangabweze chimene wameza. Ngakhale zili choncho, woyamba asamalize ndudu ya 0.5 g yekha. Zilipo za 0.35 g, ndipo nazonso zimazimitsidwa n'kusungidwa.

Chenjerani ndi zolembedwa kuti "infused". Zimenezo anathiramo mafuta aukali kapena kuzigubuduza mu ufa wa chamba, ndipo THC yake imakwera kwambiri. Makatiriji a vape nawonso ambiri ali pa 80% kupita m'mwamba. Amaoneka aulemu chifukwa sanunkha kwambiri ndipo sakanda pakhosi, n'chifukwa chake munthu amakoka kambirimbiri osazindikira. Shatter, rosin, hashi ndi zina zotero, zomwe ndi zaukali zochotsedwa m'chamba, zisiyeni kaye.

Pa za indica ndi sativa, ogulitsa amakonda kunena kuti indica ndi yogoneka, sativa ndi yochangamutsa. Mawuwo anayamba pofotokoza maonekedwe a mbewu, ndipo zambiri za m'sitolo ndi zosakanizidwa kalekale. Kuchuluka kwa THC ndi CBD kumakuuzani zambiri kuposa dzina la pa paketi.

MwanaWaKK
Mwatchula sativa mwandikumbutsa kwathu. Malawi Gold wa ku Nkhotakota ndi sativa yeniyeni, mbewu yachikale yotalika, yochedwa kukhwima, amaikulunga m'makungwa ouma a nthochi n'kumanga zolimba ngati chisononkho. Azungu okonda mbewu amaidziwa bwino. Zimandipweteka kuti dzina ndi lathu koma alimi athu sapindula nalo.

Lizulu_MTL
Kumudzi lamulo lilipo tsopano, Cannabis Regulation Act ya 2020, ndipo pali bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka malaisensi. Koma ndi la chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale basi. Kusuta kukadali mlandu. Vuto ndi loti mlimi wamng'ono payekha ndalama ya laisensi sangaikwanitse, n'chifukwa chake anthu anauzidwa kulowa m'makoparetivi.

MwanaWaKK
Ndipo mukaona mawu oti Malawi pa paketi kuno, musaganize kuti chachokera ku Dwangwa. Chalimidwa muno mu Canada, ndi mtundu wa mbewu chabe, kawirikawiri wokwatitsidwa ndi ina.

MayiMvano_Ajax
Ine ndinene poyera kuti sindigwirizana nazo. Taona ana akuzungulira mutu ndi chamba kumudzi, ena mpaka ku Zomba Mental. Kuloledwa ndi boma sikuchisandutsa ndiwo zamasamba. Mwanangu, ngati vuto ndi tulo, bwanji osayamba kwa dokotala?

NesiWaUsiku
Amayi akunena zoona pa mfundo ziwiri, ndipo ndisazichepetse. Choyamba, chamba chaukali chosutidwa pafupipafupi chimakweza chiopsezo cha matenda a misala, makamaka kwa woyamba ali wamng'ono komanso amene kubanja kwawo kuli schizophrenia kapena matenda ofanana nawo. Ubongo umakhwima mpaka cha m'ma 25. Amene ali ndi mbiri imeneyi kubanja, woyembekezera, woyamwitsa, ndi wa vuto la mtima, asayese n'komwe.

Chachiwiri, budtender si dokotala. Ku Ontario amachita maphunziro a CannSell, omwe ndi a malamulo ndi kagulitsidwe, ndipo saloledwa kukuuzani kuti ichi chichiza chakuti. Atha kukuuzani mphamvu yake, fungo lake, ndi mmene amachigwiritsira ntchito. Ngati mukumwa mankhwala ena, funsani wa ku pharmacy, safuna apointimenti. CBD imasokoneza mmene chiwindi chimagayira mankhwala monga warfarin, woletsa magazi kuundana, ndi ena a khunyu, ndipo THC pamodzi ndi mapiritsi a tulo kapena mowa zimafooketsa mowirikiza.

Pa tulo penipeni: THC imagoneka msanga poyamba, koma thupi limazolowera, muyezo umakwera, ndipo mukasiya tulo timasowa kwa masiku angapo n'kumalota zoopsa. Ngati kusowa tulo kukuchokera ku mashifiti a usiku, nkhawa kapena kubanika pogona, chamba chingobisa vutolo. Njira ya chamba cha mankhwala ilipo payokha: dokotala kapena nurse practitioner amalemba chikalata, mumalembetsa kwa wogulitsa wovomerezeka, katundu amabwera pa positi.

MayiMvano_Ajax
Zikomo anesi. Bola amve mbali zonse.

Kalondolondo_Law
Funso la study permit lija silinayankhidwe mokwanira, ndipo kwa ife obwera ndi pamene pagona nkhani.

Kugula m'sitolo yovomerezeka ndi kukhala ndi magalamu 30 kutsika pansi pagulu si mlandu, ndipo sikukhudza permit kapena PR. Magalamu 30 wo ndi a chouma kapena zofanana nacho. Galamu imodzi ya chouma amaiwerengera ngati magalamu 15 a zodya kapena 0.25 g ya zaukali zija, ndiye 7.5 g ya zaukali yakwana kale malire. Mapaketi ena amalemba kuti akufanana ndi magalamu angati, ndipo makina a pakauntala amawonkhetsa okha.

Choopsa ndi chiwongolero. Kuyambira mu December 2018 chilango chachikulu cha kuyendetsa galimoto utaledzera chinakwera kufika zaka 10, ndipo pa lamulo la immigration mlandu wa chilango chotere umawerengedwa kuti ndi waukulu. Zikutanthauza kuti wa PR atha kutaya PR yake, wa permit atha kuthamangitsidwa, ngakhale khoti litangomulipiritsa faindi. Malire a THC m'magazi ndi awa: kuyambira 2 ng (manano galamu) mpaka pansi pa 5 ng pa mL ndi mlandu wa faindi yofika $1,000; 5 ng kupita m'mwamba ndi mlandu waukuluwo; 2.5 ng pamodzi ndi mowa wa 50 mg pa 100 mL ya magazi ndi chimodzimodzi. Ku Ontario, wa laisensi yoyambira ya G1, G2, M1 kapena M2, wa zaka 21 kutsika pansi ndi woyendetsa galimoto zamalonda saloledwa kukhala ndi THC ngakhale pang'ono. Ambiri obwera kumene ali pa G2, dziwani zimenezo. Palibe amene angakuuzeni motsimikiza kuti pakatha maola akuti magazi ayera, chifukwa matupi amasiyana. Mwadya switi usiku, m'mawa kwerani basi.

Chachiwiri ndi kugulitsa. Kugawira mnzanu wamkulu n'kololedwa, koma kulandira ndalama ndi kugulitsa kopanda laisensi. Kupatsa mwana chilango chake chimafika zaka 14.

Chachitatu ndi malire a dziko. Kutuluka nacho mu Canada kapena kulowa nacho ndi mlandu, kaya ndi kabotolo ka CBD. Pa ndege za mkati mwa Canada magalamu 30 amaloledwa, koma ulendo wa kumudzi kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, pisani m'matumba onse a jekete ndi chikwama musananyamuke. Pa Kamuzu International Airport lisiti ya ku Toronto siikupulumutsani.

AnkoloWaTruck
Ndipo za ku America muzitsindike. New York ndi Michigan analola, koma pa bodala pamagwira ntchito lamulo la boma lalikulu, lomwe likuletsabe. Pa Peace Bridge kapena Ambassador Bridge, munthu amene si nzika ya America akavomera kuti amasuta atha kukanizidwa kulowa, ndipo kunama kwa ofisala ndi vuto loposa pamenepo. Madalaivala odutsa malire amayezedwa mkodzo mwadzidzidzi, ndipo THC imaoneka masiku angapo, kwa wosuta kawirikawiri mpaka masabata. Amene ntchito yake ndi ya mathiraki, mafolokolifiti kapena makina, awerenge kaye malamulo a pakampani asanapite ku sitoloko.

Chingale_Brampton
Ndili pa G2 ndithu. Ndiye ngakhale kunyamula m'galimoto pochokera ku sitolo n'kulakwa?

Kalondolondo_Law
Kunyamula n'kololedwa. Paketi ikhale yosatsegula, kapena ikhale m'chikwama chotseka pomwe dalaivala ndi okwera sangafikire msanga. Kubuti ndiye kwabwino. Musatsegule pamalo oimika galimoto kuti muone mkati, ndipo musasute m'galimoto ngakhale itaima.

Namadzi_ON
Tibwerere ku sitolo, chifukwa si yonse yokhala ndi tsamba lobiriwira pakhomo imene ili yovomerezeka. Ya laisensi imaika chidindo cha boma la Ontario poonekera pakhomo, ndipo AGCO ili ndi mapu pa intaneti oonetsa masitolo onse ovomerezeka. Paketi yeniyeni mumaidziwa ndi zinthu izi: sitampa ya msonkho yomata potsegulira, yomwe mtundu wake umasiyana chigawo ndi chigawo, chizindikiro chofiira cha ngodya 8 chokhala ndi tsamba ndi zilembo THC, bokosi lachikasu la chenjezo m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, dzina la kampani yolima, nambala ya loti ndi tsiku lopakira. Chivindikiro chimavuta dala kuti mwana asatsegule.

Mukaona akukuyezerani pa sikelo kuchokera mu botolo lalikulu, kapena maswiti a paketi yowala yofanana ndi a ana olembedwa 500 mg, tulukani. Zimenezo sizinayezedwe ku labu, nambala yake ndi yongolemba, ndipo kukhala ndi chamba chimene mukudziwa kuti n'chosavomerezeka ndi mlandu ngakhale chichepe.

Funsaninso tsiku lopakira musanalipire. Duwa lokhalitsa limauma n'kumafumbutuka ngati fodya wa chingambwe wa chaka chatha, fungo limatha ndipo limakanda pakhosi. Mapaketi amabwera a 1 g, 3.5 g, 7 g, 14 g ndi 28 g. Gulani kakang'ono, chifukwa mukatsegula sabweza. Lisiti sungani: katiriji ikadontha kapena ikakana kuyaka, adzafuna lisitiyo ndi nambala ya loti. Ndipo katiriji yambiri ndi ya mtundu wa 510, womangirira pa batire, ndipo batire lake limagulidwa padera.

Mbalachanda
Nanga kosutira? Poti ambirife tili m'ma basement a eni ake.

Namadzi_ON
Ku Ontario lamulo ndi lofanana kwambiri ndi la fodya. Panjira ndi m'mapaki ambiri n'kololedwa, pokhapokha ngati khonsolo ya mzindawo inaletsa, ndipo ena analetsadi. N'koletsedwa m'malo ogwirira ntchito, m'makonde ndi m'masitepe a mafulati, pa mtunda wosakwana mamita 20 kuchokera pa sukulu kapena pabwalo losewerera ana, ndi mamita 9 kuchokera pakhomo la chipatala. M'nyumba ya lendi, werengani lease. Ngati munasaina kuti simusuta, landilodi ali ndi poyambira, ndipo utsi wa m'basement umakwera ndi mapaipi a hita mpaka kuchipinda kwa ana a eni nyumba. Apa mafuta kapena kapisozi zimapewetsa mkangano.

NesiWaUsiku
Za tsiku loyesalo. Likhale tsiku loti mawa lake simugwira ntchito kapena kuyendetsa. Khalani pakhomo, mutadya kale, ndi munthu wamkulu amene sanamwe kanthu. Mowa ayi. Lembani nthawi imene mwamwa ndi mamiligalamu ake, chifukwa zikayamba kugwira nthawi imasokonekera ndipo mphindi 10 zimaoneka ngati ola.

Zikakupitirirani, khalani pansi kapena gonani chammbali pamalo opanda phokoso, imwani madzi pang'onopang'ono, pumani modekha, ndipo mnzanuyo azikukumbutsani kuti zitha. Palibe mankhwala ozimitsira, ndi nthawi yokha. Koma kupweteka pachifuwa, kubanika, kukomoka, kusanza kosalekeza kapena kuona ndi kumva zinthu zomwe palibe, imbani 911 ndipo auzeni zoona za chimene mwamwa. Kuchipatala sakuitanirani apolisi chifukwa cha switi yogula mwalamulo.

Zotsala zibwerere mu paketi yake, muzikhome m'kabokosi ka loko pamwamba, kutali ndi zakudya. Mwana akadya switi ya chamba amagona tulo tosadzutsika ndipo kupuma kutha kuchepa. Musadikire kuti muone zizindikiro, imbani 911 kapena a poison centre pa 1-844-764-7669, ndipo tengani paketiyo popita kuchipatala. Agalu nawonso amadwala nazo.

Chingale_Brampton
Ndamva zonse. Ndiyamba ndafunsa ku pharmacy za mapiritsi amene ndimamwa. Akalola, ndikapempha chiyani kwenikweni pakauntala?

Kasupe_Lab
Nenani kuti ndinu woyamba, simukufuna kusuta, ndipo mukufuna maswiti kapena makapisozi a 2.5 mg THC kapena kucheperapo pa kamodzi, okhala ndi CBD yofanana kapena yoposa. Pa menyu amayerekeza CBD ndi THC polemba 1:1, kapena 2:1 ndi kupitirira pamene CBD ili yambiri, koma makampani ena amatembenuza manambalawo, ndiye musadalire zimenezo zokha. Akakubweretserani paketi, werengani nokha mzere wa "Total THC per unit" musanalipire. Umenewo ndi wa switi imodzi, pamene winawo ndi wa paketi yonse.